Joseph Bates: Kaputeni Amene Anayamba ndi Kudzilamulira Yekha

Tikamatchula anthu atatu amene anayambitsa mpingo wa Seventh-day Adventist, ambirife timakumbukira msanga a James White ndi mayi Ellen White. Wachitatuyo, a Joseph Bates, timangowadziwira pa chithunzi: bambo wachikulire wowongoka msana, wa nkhope yodekha, amene analemba kabuku konena za Sabata. Tikayang'ana chithunzicho tingaganize kuti munthuyu anabadwa wofatsa ndi wodziletsa. Mbiri yawo ikutiuza zina. A Bates anakhala zaka 21 akugwira ntchito panyanja pakati pa amalinyero oledzera ndi otukwana, ndipo iwonso ankamwa mowa, ankasuta fodya ndiponso ankatukwana ngati anzawo. Khalidwe limene timalitama lero linamangidwa pang'onopang'ono, chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, kwa zaka zambiri. Ife amene timalonjeza kusintha kumayambiriro kwa teremu iliyonse, n'kupezeka kuti pofika sabata yachitatu tabwerera pomwe tinali, tili ndi chifukwa chokwanira chophunzirira moyo wa munthu ameneyu.

Mnyamata wokonda nyanja

Joseph Bates anabadwa pa 8 July 1792 ku Rochester, m'chigawo cha Massachusetts ku America. Ali wakhanda, makolo ake anasamukira kufupi ndi doko la New Bedford, kudera limene pambuyo pake linatchedwa Fairhaven. Mwana wokulira padoko amaona sitima zikubwera ndi kupita tsiku lililonse, choncho Joseph anakula ndi mtima wofuna kukhala mmalinyero. Makolo ake sankafuna zimenezo, koma ataona kuti mwanayo sakusintha maganizo, anamulola. M'mwezi wa June 1807, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 15, anakwera sitima yotchedwa Fanny yopita ku London monga kamnyamata kotumikira m'sitima.

Nyanja inamulandira ndi zoopsa. Pobwerera ku ulendo woyambawo, nsomba yolusa ya shaki inkatsatira sitima yawo, ndipo Joseph atatumidwa kukwera pamlongoti anaterereka n'kugwera m'madzi. Anzake anamuvuula shakiyo isanamuone. Patapita zaka ziwiri, sitima ina imene anakwera inawomba chiphiri cha madzi oundana, ndipo pa ulendo womwewo anagwidwa ndi anthu a ku Denmark n'kutengeredwa ku Copenhagen.

Choopsa chachikulu chinamupeza pa 27 April 1810 mumzinda wa Liverpool ku England. Pa nthawiyo dziko la Britain linali pa nkhondo ndi France, ndipo linkasowa amuna ogwira ntchito m'sitima zake zankhondo. Asilikali ankangogwira amalinyero m'nyumba zogona alendo n'kuwakakamiza kulowa usilikali, ngakhale atakhala a dziko lina. Joseph anaonetsa zikalata zotsimikizira kuti ndi nzika ya America, koma palibe anamumvera. Anatumikira mokakamizidwa m'sitima zankhondo za Britain, imodzi mwa izo yotchedwa Rodney, pa nyanja ya Mediterranean. Anayesa kuthawa kangapo koma analephera.

M'chaka cha 1812 nkhondo inabuka pakati pa Britain ndi America. Apa mnyamata wa zaka 20 anayenera kusankha: kupitiriza kutumikira adani a dziko lake, kapena kudzipereka kuti akhale mkaidi wa pankhondo. Anasankha ukaidi. Anasungidwa m'sitima zakale zimene zinasandutsidwa ndende, kenako anapititsidwa ku ndende ya Dartmoor, malo ozizira, a njala ndi matenda. Pa 6 April 1815, nkhondo itatha kale, alonda a ndendeyo anawombera akaidi a ku America ndipo anthu 7 anafa, ena ambiri n'kuvulala. Joseph analipo tsikulo. Anatulutsidwa pa 27 April 1815, patatha zaka zisanu ndendende chigwidwireni.

Munthu wina akanatuluka m'mavuto otere ali ndi mkwiyo wa moyo wonse. Joseph anatulukamo ataona ndi maso ake zinthu ziwiri zimene sanaziiwale: mmene mowa umawonongera amuna amphamvu, ndi mmene zimawawira munthu akalandidwa ufulu wake. Atapuma pang'ono kwawo anabwereranso kunyanja, n'kumakwera maudindo mpaka kukhala kaputeni, ndiponso mwini wa gawo la sitima ndi katundu amene ankanyamula. Mu February 1818 anakwatira Prudence Nye, mnzake wa paubwana. Kuyambira pano tiwatchula mwaulemu kuti a Bates.

Tambula imodzi pa tsiku

Kusintha kwa a Bates kunayamba asanakhale Mkhristu, ndipo kunayambira pa kanthu kakang'ono. Monga kaputeni wosamala, anali atadziikira malire akuti azimwa tambula imodzi yokha ya mowa waukali pa tsiku, pa nthawi ya chakudya chamasana. Poyerekeza ndi anzawo, ameneyu anali munthu wodziletsa kale. Koma tsiku lina anazindikira kuti nthawi ya nkhomaliro ikamayandikira, mtima wawo umalakalaka tambula ija kuposa chakudyacho. Zimenezi zinawaopsa. Palibe m'busa amene anawadzudzula, palibenso dokotala amene anawachenjeza. Anangodziyang'anitsitsa okha moona mtima n'kuona kumene njirayo ikulowera. M'chaka cha 1821, ali pa ulendo wochokera ku South America, anatsimikiza kuti sadzamwanso mowa waukali, ndipo sanamwenso mpaka imfa.

Chaka chotsatira anasiya vinyo. Ichi chinali chovuta mwa njira ina, chifukwa malonda a masiku amenewo ankakambidwa pa maphwando, ndipo kukana vinyo pamaso pa amalonda anzawo ku Peru kunkachititsa kuti aziwaseka. Anapirira kusekedwako. Kenako anasiya fodya, wosuta ndi wotafuna yemwe. Pambuyo pake anasiya zakumwa zina zonse zoledzeretsa. Analimbananso ndi chizolowezi cha kutukwana, chimene kwa mmalinyero chinali ngati chilankhulo cha ntchito. Patapita zaka zingapo, atakhazikika kumtunda, iwo ndi akazi awo anamwa tiyi wamphamvu kunyumba ya anzawo ndipo usiku umenewo tulo tinawathawa mpaka pakati pa usiku. A Bates anagwirizanitsa ziwirizo n'kusiya tiyi, kenako khofi. M'chaka cha 1843 anasiya kudya nyama ndi zakudya zamafuta ambiri.

Tikawerenga zaka, kuchokera 1821 kufika 1843 ndi zaka 22. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. A Bates sanadzuke m'mawa wina n'kulemba mndandanda wa zinthu khumi zoti asinthe pofika Lachisanu. Ankaona chinthu chimodzi, n'kuchiganizira mofatsa, n'kupanga chosankha, ndipo akachipanga ankachitseka osachitsegulanso. Chosankha chilichonse chimene anachisunga chinkawapatsa mphamvu ndi chidaliro cha kupanga chotsatira. Ifeyo kawirikawiri timachita mosiyana. Tikachoka ku msonkhano wa misasa mitima ili yotentha, timafuna kudzuka 4 koloko, kuwerenga machaputala asanu a Baibulo, kusiya foni, kuthamanga m'mawa ndi kumaliza ntchito zonse za m'kalasi, zonsezi kuyambira Lamlungu lomwelo. Katundu wotere amathyola khosi, ndipo tikalephera chimodzi timataya zonse.

Chipangano Chatsopano pamwamba pa bokosi

Kudziletsa kunawongola thupi la a Bates, koma mtima wawo unali usanapeze mtendere. M'chaka cha 1824, ponyamuka ulendo wopita ku Brazil pa sitima yotchedwa Empress, analongedza mabuku a nthano oti aziwerenga panyanja. Mayi Prudence, osanena kanthu, anaika kabuku ka Chipangano Chatsopano pamwamba pa mabukuwo m'bokosi la amuna awo. A Bates atatsegula bokosilo ali pakati pa nyanja, anayamba kuwerenga kabukuko, ndipo chidwi cha nthano zija chinatha.

Pa ulendo womwewo mmalinyero wina wotchedwa Christopher anadwala n'kumwalira. Monga kaputeni, a Bates ndiwo anayenera kutsogolera mwambo wa maliro asanaponye mtembo m'nyanja. Munthu amene sankadziwa kupemphera anayenera kuimirira pamaso pa antchito ake n'kulankhula za imfa. Zimenezi zinawasautsa kwambiri, chifukwa anadzifunsa za mathero a moyo wawo womwe. Pa 4 October 1824 analemba ndi kusaina pangano lodzipereka kwa Mulungu. M'chaka cha 1827 anabatizidwa n'kulowa mpingo wa akazi awo wa Christian Church ku Fairhaven.

Apa tikuona kuti kukula kwa munthu sikuchokera mwa iye yekha. Kaputeni wa mtima wolimbayu anafunika mkazi wanzeru amene anadziwa kuti kabuku koikidwa pamalo oyenera kangachite zimene kulongolola sikungachite. Anafunikanso chisomo cha Mulungu, chifukwa kusiya mowa ndi fodya sikunayankhe funso limene imfa ya Christopher inadzutsa. Komabe zizolowezi zimene anali atazigonjetsa kale zinali ngati munda wosoledwa, woyembekezera mbewu.

Sitima yopanda mowa

Tsiku lomwe anabatizidwa, a Bates anapempha m'busa amene anawabatiza kuti awathandize kuyambitsa bungwe lolimbikitsa kudziletsa. M'busayo sanachite nazo chidwi, koma iwo anapita kwa anthu ena mpaka bungwe la Fairhaven Temperance Society linakhazikitsidwa. Linali limodzi mwa mabungwe oyambirira a mtundu umenewu ku America. Tione ndondomeko yake: anayamba kuuza ena za kusiya mowa patatha zaka zisanu ndi chimodzi iwo eni atausiya.

Chikhulupiriro chawo chatsopano anachitengeranso kuntchito. Mu August 1827, ponyamuka ulendo wawo womaliza pa Empress, anasonkhanitsa amalinyero onse n'kuwawerengera malamulo a sitimayo. Munalibe mowa m'sitimamo kupatula pang'ono wa m'bokosi la mankhwala. Kutukwana kunaletsedwa. Aliyense anayenera kuitana mnzake ndi dzina lake lenileni, mwaulemu. M'mawa ndi madzulo kunali mapemphero. Lamlungu, limene pa nthawiyo ankalisunga ngati tsiku lopatulika, panalibe kuchapa kapena kusoka zovala, ndipo kaputeniyo anapereka masana a Loweruka kuti ntchito zimenezi zizichitika. Anatenganso mabuku ndi nyuzipepala kuti antchito ake aziwerenga.

Ena anadandaula poyamba, pakuti sitima yopanda mowa ndi matukwano inali yachilendo. Koma ulendo unayenda mwamtendere, ena mwa amalinyerowo anatembenuka mtima, ndipo atabwerera kwawo ambiri anafuna kudzakweranso sitima ya malamulo omwewo. Chimene chinathandiza n'chakuti kaputeniyo sanalamule chinthu chimene iye mwini sankachita, ndipo poletsa chinthu ankapereka china m'malo mwake. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tingaone apa phunziro la kayendetsedwe ka kalasi. Mphunzitsi wofika mochedwa sangathetse kuchedwa kwa ana, ndipo mphunzitsi wonyoza ana sangaphunzitse ulemu, ngakhale atamata malamulo okongola pakhoma.

Chuma chimene anachipereka

M'chaka cha 1828, ali ndi zaka pafupifupi 36, a Bates anasiya ntchito ya panyanja ali ndi ndalama zoposa madola 10,000, chomwe chinali chuma chambiri masiku amenewo. Anayamba ulimi ku Fairhaven. Anadzala mitengo ya mabulosi ndi cholinga choweta mbozi zopanga ulusi wa silika, ndipo ankafuna kutsegula sukulu imene achinyamata aziphunzira kwinaku akugwira ntchito zamanja. Pokumbukira zaka zawo za ukaidi, analowanso gulu lolimbana ndi ukapolo, ngakhale zimenezi zinawadanitsa ndi anthu ena a m'dera lawo.

M'chaka cha 1839 anamva uthenga wa William Miller wonena za kubweranso kwa Yesu posachedwa. Atauphunzira mosamala anaulandira, ndipo monga mwa chikhalidwe chawo anaulowa ndi mtima wonse. Mu May 1842 anali wapampando wa msonkhano waukulu wa okhulupirira uthengawu ku Boston. Anagwiritsa ntchito chuma chawo pofalitsa uthengawo, mpaka anagulitsa nyumba yawo, n'kubweza ngongole zonse kuti asakhale ndi mangawa kwa munthu aliyense.

Kumayambiriro kwa 1844 anapita kukalalikira ku Maryland, dera la eni akapolo, pamodzi ndi H. S. Gurney, wosula zitsulo amene ankaimba bwino. Ulendowu unali woika moyo pachiswe kwa munthu wodziwika kuti amadana ndi ukapolo. Pa chilumba cha Kent munthu wina anaimirira mumsonkhano n'kuwaopseza kuti awanyamula pa mtengo n'kuwatulutsa m'mudzimo mochititsa manyazi. A Bates anayankha modekha kuti popeza msewu unali wamatope, kunyamulidwa kukanakhala bwino kuposa kuyenda pansi, bola pamtengopo aikepo chishalo. Kenako anamuuza mwaulemu kuti anabwera atawerengera kale mtengo wa ulendowo. Munthuyo anasowa chonena ndipo msonkhano unapitirira, akapolo ataimirira kumbuyo akumvetsera. Munthu amene zaka 20 m'mbuyomo akanayankha ndi matukwano tsopano anali ndi ulamuliro pa lilime lake.

Pamene zonse zinagwa

Pa 22 October 1844 Yesu sanabwere monga ankayembekezera. A Bates anali ndi zaka 52, opanda nyumba yawoyawo, opanda ndalama, ndipo anyamata ankawatsatira mumsewu akuwanyoza. Anthu ambiri amene anali nawo m'gululo anataya chikhulupiriro. Ena anabwerera ku mipingo yawo yakale mwamanyazi. A Bates anabwerera ku Baibulo kuti akafufuze pamene analakwitsa.

M'chaka cha 1845 anawerenga nkhani ya T. M. Preble yonena kuti Sabata la m'Baibulo ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri. Anayerekeza nkhaniyo ndi Malemba, ndipo atamva kuti ku New Hampshire kuli kagulu ka okhulupirira kubweranso kwa Yesu kamene kakusunga kale tsikulo, anayenda ulendo wa makilomita oposa 200 kukaonana nako. Anafika usiku kunyumba ya m'busa Frederick Wheeler ndipo awiriwo anachezera kuphunzira mpaka m'mawa. Safunsa anadya phula, koma kaputeni wakaleyu, amene anazolowera kulamula, sanachite manyazi kupita kukafunsa. Anabwerera ku Fairhaven atatsimikiza mtima, ndipo mu August 1846 anasindikiza kabuku ka masamba 48 kotchedwa The Seventh Day Sabbath, a Perpetual Sign. Kabuku kameneka ndi kamene kanathandiza a James ndi mayi Ellen White, amene anali atangokwatirana kumene, kuyamba kusunga Sabata.

J. N. Loughborough, mmodzi mwa olemba mbiri yoyambirira ya mpingo wathu, anasimba za umphawi wa banjali m'zaka zimenezo. Tsiku lina a Bates ali pa tebulo akulemba, mayi Prudence anawauza kuti ufa wa tirigu waperewera. Bamboyo anatenga kandalama komaliza kamene anali nako n'kukagula ufa wosakwana makilogalamu awiri. Mayiwo, amene anazolowera kuona amuna awo akugula ufa wa mgolo wathunthu, anafunsa chifukwa chake, ndipo atamva kuti ndalama zonse zatha analira kwambiri. Tsiku lomwelo a Bates anapita ku positi ofesi n'kupeza kalata imene analibe ndalama yoiwombolera. Anapempha mkulu wa positiyo kuti aitsegule yekha, ndipo munali madola 10 ochokera kwa munthu amene anamva mumtima kuti a Bates akusowa thandizo. Anagula mgolo wa ufa, mbatata ndi shuga, ndipo zotsala anapita nazo kwa wosindikiza mabuku.

Nkhaniyi timaikonda chifukwa imatha bwino, koma tisaiwale misozi ya mayi Prudence. Zosankha za mwamuna wawo zinawalowetsa m'mavuto amene iwo sanawasankhe, ndiponso pa nthawiyo anali asanavomereze za Sabata. Kwa zaka pafupifupi zisanu a Bates ankasunga Sabata okha m'nyumbamo. Sanawakakamize akazi awo, ndipo mu 1850 mayiwo analandira Sabata mwa kufuna kwawo. Mkazi amene anadikira moleza mtima kuti mwamuna wake apeze Khristu, nayenso anadikiridwa moleza mtima.

Mkulu wovomera kukonzedwa

Chovuta kwa munthu wa mtima wolimba ndi kusintha maganizo, makamaka akakula. A Bates anayesedwa pa mbali imeneyi kangapo. Poyamba sankakhulupirira masomphenya a Ellen White, ndipo ananena poyera za kukayika kwawo. Anafufuza, anafunsa anthu amene ankamudziwa mtsikanayo, ndipo mu November 1846 ku Topsham, m'chigawo cha Maine, atamumva akufotokoza za zinthu zakuthambo pamene ankadziwa kuti sanaphunzirepo za nyenyezi, anakhutira. Iwo eni ankadziwa bwino za nyenyezi, chifukwa ndizo zinkawatsogolera panyanja.

Nthawi ina analakwitsa poyera. Analemba kuti Yesu adzabwera chakumapeto kwa 1851, patatha zaka zisanu ndi ziwiri kuchokera mu 1844. A James ndi mayi Ellen White, amene anali aang'ono kwa iwo ndi zaka pafupifupi 30 kapena kuposerapo, anatsutsa mchitidwe woika masiku. A Bates anasiya chiphunzitsocho ndipo anapitiriza kugwira nawo ntchito limodzi.

Chitsanzo china ndi cha nthawi yoyambira Sabata. Kwa zaka pafupifupi khumi a Bates ankaphunzitsa kuti Sabata limayamba 6 koloko madzulo a Lachisanu, ndipo okhulupirira ambiri ankatsatira zimenezo. Maganizowa anali a mmalinyero amene ankadziwa kuti pakatikati pa dziko lapansi dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse, pafupifupi monga timaonera kuno kwathu. Mu 1855 mnyamata wa zaka 26, J. N. Andrews, anafufuza Malemba n'kuonetsa kuti Sabata limayamba dzuwa likalowa. A Bates, ali ndi zaka 63, anavutika kuvomera poyamba, koma pasanapite masiku ambiri anagwirizana ndi abale awo. Lachisanu lililonse tikamasonkhana potsegulira Sabata dzuwa likulowa, tikutsatira mfundo imene mtumwi wa Sabata mwiniwakeyo anachita kuphunzitsidwa ndi munthu wa msinkhu wa mwana wake.

Tikaika pamodzi zinthu ziwirizi tikuona chinsinsi cha khalidwe lawo. Pa nkhani ya chizolowezi choipa, akatseka chitseko sankachitsegulanso. Pa nkhani ya kumvetsa choonadi, chitseko chinkakhala chotsegula nthawi zonse. Ambirife timatembenuza zimenezi: timagonja msanga pa zizolowezi, koma timauma khosi pa maganizo athu.

Kufunafuna munthu woona mtima

Zaka zotsala za moyo wawo a Bates anazithera paulendo. Ankayenda pa sitima yapamtunda, pa ngolo ndi pansi, atanyamula tchati cha maulosi ndi timabuku. M'nyengo ina yozizira anayenda ndi Hiram Edson ku Canada, akupyola chipale chofewa chakuya pofunafuna mabanja obalalika a okhulupirira. Mu 1849 anafika ku Jackson, m'chigawo cha Michigan, n'kulalikira wosula zitsulo wotchedwa Dan Palmer ali pa ntchito yake, mawu akupikisana ndi kulira kwa nyundo.

Mu 1852 anafika ku Battle Creek, kumene sankadziwa munthu aliyense. Anapita kwa mkulu wa positi ofesi n'kufunsa kuti munthu woona mtima koposa m'tauniyo ndani. Anawalozera kwa David Hewitt, wa mpingo wa Presbyterian, amene ankayenda khomo ndi khomo kugulitsa tinthu ting'onoting'ono. A Bates anaphunzira ndi banjalo tsiku lonse, ndipo linakhala banja loyamba kusunga Sabata mumzinda umene pambuyo pake unakhala likulu la mpingo. Funso la a Bates likutionetsa chimene iwo ankachiona kukhala chamtengo wapatali mwa munthu. Sanafunse za wolemera kapena wophunzira koposa. Ndipo a Hewitt anadziwika ndi tauni yonse chifukwa cha kukhulupirika pa malonda a tinthu totchipa.

Mu 1860 a Bates anali wapampando wa msonkhano wa ku Battle Creek umene unasankha dzina lakuti Seventh-day Adventist, ndipo amene anapereka ganizo loti dzinalo livomerezedwe anali David Hewitt yemweyo. Mu 1861 anatsogoleranso msonkhano umene unakhazikitsa Michigan Conference, yoyamba mu mpingo wathu. Abale ankawasankha kukhala wapampando chifukwa ankadziwa kusunga dongosolo popanda kukhumudwitsa anthu, luso limene analiphunzira pa sitima.

Pa nkhani ya zakudya anali odekha modabwitsa. Anasiya nyama zaka 20 mayi White asanalandire masomphenya a zaumoyo ku Otsego mu 1863, koma m'zaka zonsezo sankaikakamiza nkhaniyi kwa abale. Akafunsidwa ankayankha mwachidule. Thupi lawo ndilo linkalankhula, pakuti pamene atsogoleri anzawo achinyamata ankadwaladwala chifukwa cha kutopa ndi kadyedwe koipa, mkuluyu ankayendabe mowongoka. Ali ndi zaka 79 anachitira umboni pa msonkhano wa zaumoyo kuti analibe zowawa m'thupi.

Mayi Prudence anamwalira mu 1870, atakhala m'banja zaka 52. A Bates anapitiriza kuyendera mipingo mpaka pafupi ndi mapeto, ndipo anamwalira pa 19 March 1872 ku Battle Creek. Anaikidwa pafupi ndi akazi awo ku Monterey, Michigan, kumene ankakhala kuyambira 1858. Mbiri ya moyo wawo anali atailembera achinyamata m'magazini ya Youth's Instructor, ndipo inatuluka ngati buku mu 1868. Patapita zaka 30 chimwalirireni, mu 1902, uthenga umene anauvutikira unafika ku Thyolo, pa mishoni ya Plainfield imene lero timaitcha Malamulo.

Zimene tingatenge

Ife sitidzayendetsa sitima yamatanga kupita ku Peru, ndipo ambirife sitinagwirepo botolo la mowa. Koma aliyense wa ife ali ndi tambula yake ya masana, chinthu chimene timachilakalaka kuposa chimene tinabwerera pano. Kwa wina ndi foni imene imamugoneka 1 koloko usiku pamene m'mawa kuli kalasi. Kwa wina ndi kukopera ntchito ya mnzake, kubwereka ndalama osabweza, miseche ya ku hositelo, kapena kuzengereza mpaka mayeso atafika pakhomo. Zinthu zimenezi zimaoneka zazing'ono, koma ndizo zidzasankhe mtundu wa mphunzitsi, namwino, m'busa kapena wowerengera ndalama amene tidzakhale. Satifiketi idzatilowetsa pa ntchito, koma makolo amene adzatipatse ana awo, ndi odwala amene adzagone pamaso pathu, adzakumana ndi zizolowezi zathu.

Njira ya a Bates ndi yotheka kwa wophunzira aliyense. Tidziyang'ane moona mtima n'kutchula chinthu chimodzi ndi dzina lake. Tichipereke kwa Mulungu, tipange chosankha chomveka bwino, ndipo tichisunge mpaka chitakhazikika tisanayambe china. Tisafulumire kulalikira anzathu za chinthu chimene ife tachisiya dzulo. Tikakonzedwa, ngakhale ndi wamng'ono kwa ife, timvetsere. Ndipo zimene tinkayembekezera zikalephereka, kaya ndi mayeso, fizi kapena ntchito, tibwerere kukafufuza pamene panalakwika m'malo motaya zonse.

A Bates anali ndi zaka 29 pamene anapanga chosankha chawo choyamba, ndipo anali akuphunzirabe ali ndi zaka 63. Ambirife tili ndi zaka zochepera pamenepo, choncho nthawi ilipo, koma m'mera mpoyamba. Teremu ino isanathe, aliyense wa ife angathe kusankha chinthu chake chimodzi.